Lilime la Apongozi

"Kapu imeneyo musaiphatikize ndi zinzake! Ndikuuzeni kangati kodi, bambo a Tracy?"

"Kapu ndi kapu, mayi a Tracy. Ndaitsuka ndi sopo."

"Sopo wa chiyani? Matenda odya munthu m'kamwa angaope sopo? Isiyeni pomwepo, ndiiwiritsa ndekha."

Mayi Selestina adamva zonsezi ali pakhonde la nyumba yawo, atafunda chitenje kumutu. Kapu imene inkakanganitsa anthu m'mawa umenewo inali yawo. Wokuwayo anali Salome, mwana wawo mmodzi yekhayo. Woyankha mofatsayo anali mkamwini wawo Bizwell, wa kabaza wa njinga yamoto, kwawo ku Bwanje. Chibwerere ku chipatala cha ku Lilongwe, kumene adawauza kuti chotupa cha m'tsaya mwawo ndi khansa, mayiwo anali ndi kapu yawoyawo, mbale yawoyawo ndi mphasa yawoyawo. Mdzukulu wawo Tracy sankaloledwa kudutsa mtengo wa pichesi umene unali pakati pa nyumba ziwirizo.

"Pepala la kuchipatala ndaliwerenga kawiri," adatero Bizwell. "Alemba kuti khansa sipatsirana. Si chifuwa chachikulu chimenechi."

"Amene alembawo ali ndi mwana pakhomo pano? Tracy akadwala adzabwera kudzamulera ndi iwowo?"

"Mako ndi mako, mayi a Tracy, usamuone..."

"Musandiphunzitse za mayi anga inu! Mwayamba liti kuwakonda? Si omwewa amakutchulani mlamba?"

Apa mayi Selestina adaweramitsa mutu, chifukwa zinali zoona. Zaka zisanu ndi zinayi akhala akunena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ankanena kumjigo, kumunda, ngakhale pochokera kutchalitchi atavala zoyera. Lilime lawo linkadziwika dera lonse la kwa Champiti. Likayamba, nkhuku zomwe zinkasamukira kuseri kwa nyumba. Bizwell ndiye adalilawa kuposa wina aliyense. Anali munthu wa kuchigwa wodziwa mpunga wokha, mizere yake inali yokhota, njinga yake inkasokosa, ndipo nkhuni zake zinkafuka utsi.

Tsono lilime lomwelo ndi limene linali pangozi. Ku Lilongwe dokotala wa mano adawazula mano atatu obowoka a mbali yodwalayo, adawalumitsa phala lina louma msanga n'kupanga chikombole cha m'kamwa mwawo. Pa chikombolecho adaumbirapo kapulasitiki kokwana m'dzanja.

"Makina owotcha chotupa sasankha, amayi," adatero dokotalayo. "Moto wake suoneka ndi maso, koma umapsereza chodwala ndi chabwino chomwe chimene wachipeza panjira. Aka mukakaluma, kamatsekula pakamwa n'kukankhira lilime mbali inayo, kutali ndi motowo. Popanda iko lilime lidzapsa, kulankhula ndi kumeza idzakhala nkhondo. Pitani kumudzi nkhama zikapole. Muzikavala kawiri pa tsiku kuti nsagwada zizolowere, ndipo mubwere nako Lolemba pakatha masabata awiri. Tsiku limenelo musaliphonye, pamzere pali anthu ambiri."

Pamene dokotala ankanena zimenezi, Salome anali panja pabenchi, atatseka mphuno ndi chitenje. Zonse zidalembedwa papepala, koma mayi Selestina sukulu adalekera mu Sitandade 2.

Kuvala kapulasitikiko sikunali kwa masewera. Nsagwada zinali zitauma, ndipo pakamwa pankangotseguka polowa zala ziwiri. Masana a tsiku la mkanganolo adayesa kanayi mpaka misozi idatuluka yokha.

"Salome, tabwera undithandize mwanawe."

"Iyayi amayi, manja omwewa ndimaphikira mwana. Yesani pang'onopang'ono, kalowa."

Adayankha ali patali, n'kunyamula ndowa ulendo wa kumjigo.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sapenyana m'maso. Sakhala mphasa imodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mwambo umenewu Bizwell ankausunga bwino. Mwina ndi chokhacho chimene apongoziwo sadamupezere chifukwa. Masana amenewo adaima kuseri kwa nkhokwe atafulatira, pepala lili m'manja, n'kuyamba kulankhula ndi mbuzi imene inali pachingwe.

"Iwe mbuzi, kawauze agogo a Tracy kuti akanyike kaye m'madzi ozizira. Ndiye ayambe kulowetsa mbali ya kumanzere, inayo pambuyo."

Mayi Selestina adafuna kuseka koma tsaya lidakana. Adachita monga mbuzi idauzidwira, osatheka. Mawa lake chimodzimodzi. Pa tsiku lachitatu adamva madzi akukhuthukira m'beseni, kenaka mapazi akubwera kukhonde.

"Amayi, masiku akutha," adatero Bizwell atagwada kumapeto kwa mphasa, manja akudontha madzi. "Mundikhululukire. Mlandu wa mwambo tidzaukamba mutachira."

Adayesa kugwira ntchitoyo akuyang'ana kumbali, koma m'kamwa mwa munthu simupapasidwa ngati m'thumba la mbatata. Adatembenuka n'kuwayang'ana. Mayi Selestina adaona koyamba kuti mkamwini wawo ali ndi chipsera pamwamba pa diso ndi imvi zingapo m'ndevu. Ndi chala chimodzi Bizwell adawatsitsa chibwano pang'onopang'ono, ndi dzanja linalo adalowetsa kapulasitikiko, ndipo kadakhala pamalo pake, lilime lili kumbali.

Kuyambira tsikulo idakhala ntchito ya m'mawa ndi madzulo. Bizwell ankawerengera mphindi khumi pafoni, ndipo kuti nthawi ifupike ankasimba za makasitomala ake: m'busa wina amene adakwera ndi nkhumba m'thumba n'kumati ndi mabuku, namwino wa ku Sharpevale amene amapemphera mokweza pa mtsetse uliwonse. Mayi Selestina, pakamwa pali chotsekera, ankamvetsera munthu mpaka amalize, chinthu chimene sadachitepo chibadwire. Mphindi zikakwana Bizwell ankawasungunulira kamchere ndi soda m'madzi ofunda kuti achukuche, n'kutsuka kapulasitikiko m'madzi ozizira, n'kukasunga m'kachitini ka majarini pawindo. Pofika sabata yachiwiri pakamwa pankalowa zala zitatu.

Salome zonsezi ankaziona ali kukhitchini. Tisamunamizire, sanali wouma mtima. Anali ndi mantha, ndipo mantha ake anali pa mwana. Lachiwiri madzulo adaona mwamuna wake akuchokera kukhonde kuja n'kunyamula Tracy m'mwamba. Adangotuma mawu kwa a malume ake. Lachitatu m'mawa, Bizwell atapita kumsewu ndi munthu wa matumba a mbatata, mayi Selestina ali kubafa, Salome adatereka madzi. Chinthu cha wodwala timachiwiritsa. Adamuphunzitsa ndi mayi ake omwewo chaka cha kolera. Adaponyamo kapu, mbale ndi sipuni. Kenaka adatsekula kachitini kaja, adapana kapulasitikiko ndi timitengo tiwiri n'kukaponya momwemo, ndipo adasonkhezera moto kuti matenda afe ndithu.

Kadatuluka katapindika ngati khutu la nkhumba yowamba.

Mayi Selestina atakapeza m'kachitinimo adayesa kukaluma. Sikadagwire dzino ngakhale limodzi. Adakatembenuza uku ndi uku, adayesa kukawongola ndi zala, kadathetheka. Adakhala pansi n'kulira, osati mokweza, chifukwa kulira mokweza kumafuna pakamwa potseguka. Kudatsala masiku asanu.

Bizwell adafika dzuwa litapendeka, ndipo adapeza bwalo ladzaza kale. Pampando pansi pa pichesi padakhala a Cosmas, mlongo wawo wa mayi Selestina, mwinimbumba, chipewa chili pabondo. Amayi angapo oyandikana nawo anali ataima kumpanda. Salome anali pansi, maso ali kudothi.

"Khalani apo, akamwini," adatero a Cosmas. "Ndamva zonyansa. Akuti inu mumalowetsa zala m'kamwa mwa apongozi anu, masanasana, anthu akuona. Kwanu ku Bwanje mumatero?"

"Sititero, a malume."

"Nanga pano mwapayesa pa mtaya?"

"Iyayi. Koma ntchitoyo inkafunika munthu, ndipo munthu panalibe."

"Munthu panalibe? Ife tidafa?"

Bizwell adatembenuka. Maso ake adagwera pa kachitini kamene kanali pakhonde, kotsekula. Adadzuka osapempha, adakatenga, n'kuyang'ana m'katimo nthawi yaitali.

"Wachita izi ndani?"

"Ndangokawiritsa," adatero Salome chapansipansi. "Ndimati ndiphe tizilombo. Ine ndikanadziwa bwanji?"

"Papepala alemba ndi zilembo zazikulu, mayi a Tracy. Madzi otentha ayi. Mukanandifunsa."

"Madzi akatayika sawoleka," adadula a Cosmas. "Mwinanso ndi Mulungu wakana. Munthu adapita ndi mano ake, wabwera atamugulula. Tsopano akuti akamuwotche ndi magetsi. Mudaonapo munthu wowotchedwa n'kuchira? Kuli bambo wina kutsidya uko, amadziwa mitengo ya zilonda zoterezi. Loweruka ndiwatengera kumeneko alongo angawa. Za ku Lilongwe zathera pompa."

Bizwell adatulutsa pepala lija m'thumba la malaya, adapita kuseri kwa nkhokwe n'kuimba nambala imene inali pansi pake. Bwalo lonse linkamvetsera "eya, eya, zikomo" wake. Atabwerako adagwadanso.

"A malume, ndalankhula ndi adokotala a mano. Akuti chikombole chija sadataye. Amayi akafika mawa nthawi ya nkhomaliro isanakwane, awaumbira kena, awayesa Lachisanu, ndipo Lolemba malo awo alipobe. Tikachedwa, malowo apatsa wina, ndipo chotupa sichidikira."

"Afika bwanji mawa? Galimoto ya kuno imadutsa masana."

"Ndiwatenga panjinga mpaka kumsewu waukulu. Kumeneko tikwera basi."

A Cosmas adaseka, n'kutembenukira kwa amayi a kumpanda aja.

"Mwamva? Apongozi pambuyo pa mkamwini, atamugwira m'chiuno, kudutsa pamsika! Tamverani akamwini, pano mudabwera ndi chikwama chimodzi. Mukangoyerekeza kuwakweza panjinga imeneyo, pobwera mudzapeze chikwamacho chili panja. Mbumba iyi ndi yanga."

Bizwell adayang'ana nyumba imene adaumba yekha njerwa zake, adayang'ana mkazi wake, kenaka adayang'ana pansi.

"Ndamva, a malume. Chikwamacho mudzachiike pouma, mvula ili pafupi."

Mayi Selestina adamva zonse ali pakhonde pawo. Munthu amene adamunyoza zaka zonsezi anali kutaya banja chifukwa cha iwo, ndipo abale a magazi anali kukangana za chiuno. Adagwira mzati n'kuimirira. Mawu ankatuluka movutikira, koma adamveka mpaka kumpanda.

"Alongo, chidwalire ine, mwalowa kangati m'nyumba muno?"

"Alongo, inu mukudziwa kuti ntchito za kudimba..."

"Lero lomwe mwakhala uko, kutsidya kwa mtengo. Madzi mwakana. Moni mwandipatsira patali ngati ndine wakhate. Mwambo mukuudziwa bwino, koma fungo la chilonda changa simukulidziwa. Awa akulidziwa." Adapuma, n'kupukuta malovu ndi chitenje. "Mbumba ndi yanu, koma m'kamwa ndi mwanga. Bambo a Tracy, mawa muthire mafuta okwanira."

Aka kanali koyamba kulankhula ndi mkamwini wawo mwachindunji pamaso pa anthu. A Cosmas adavala chipewa n'kuchoka osatsanzika.

M'mawa mwake mayi Selestina adakwera njinga ija. Poyamba adagwira kachitsulo ka kumbuyo, koma pa mtsetse woyamba njinga itadumpha mwala adamukumbatira mkamwiniyo ndi manja onse awiri, osamusiyanso. Pamsika anthu adasiya kupima mbatata. Mayi Selestina adawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo ambiri adayang'ana kumbali ndi iwowo. Njinga Bizwell adaisungitsa kwa mnzake wa kabaza pamsewu waukulu, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali pabenchi ya dokotala wa mano.

Dokotalayo sadakalipe. Adayang'ana kopindika kaja, adapukusa mutu n'kuseka pang'ono.

"Si inu oyamba, amayi. Ena amakayanika padenga la malata. Koma nsagwadazi zatseguka bwino. Amakuthandizani ndani?"

Mayi Selestina adaloza Bizwell.

"Mwana wanu?"

Mayiwo adamuyang'ananso mkamwiniyo. "Eya," adatero.

Lachisanu kapulasitiki katsopano kadakwana bwinobwino. Mayiwo anali atawagoneka m'chipatala, koma ku wodi ya amayi mwamuna sagona, ndipo Bizwell ankangokhala panja pa mpanda ndi amuna anzake odikira odwala, kumalowa nthawi ya alendo yokha. Lamulungu masana mayi Selestina adaona munthu ataima pakhomo la wodi, mtolo uli pamutu. Anali Salome. Adafika pabedi n'kugwada.

"Amayi, safunsa adadya phula, ndipo wadya phulayo ndine. Tracy ndamusiya kwa azakhali ake. Ndiuzeni chochita."

Mayi Selestina adali ndi mawu ambiri amene adawasunga masabata awiri, onse akuthwa. Adamuyang'ana mwanayo, maso ake otupa, mapazi a fumbi, ndipo mawuwo adawameza. Namwino adamukhazika Salome pansi n'kumuuza zonse bwinobwino, kuti khansa sichoka pa munthu kupita pa wina, kaya ndi kapu, kaya ndi mpweya, kaya ndi malovu. Ulendo uno Salome adamvetsera ali m'kati, chitenje chili m'chiuno. Madzulo omwewo adawagwira mayi ake mutu pamene ankachukucha, ndipo Bizwell adabwerera kumudzi kukaona ngati chikwama chake chidanyowa.

Lolemba adawajambula, adawaumbira chigoba cha ukonde chogwira mutu kuti usagwedezeke, ndipo patapita masiku owerengeka makina adayamba. Masabata asanu ndi limodzi, tsiku lililonse kupatula Loweruka ndi Lamulungu, mayi Selestina ankagona chagada pabedi lolimba, kapulasitiki kali m'kamwa, chigoba chili kumaso, makina akuzungulira n'kumalira ngati chigayo cha kutali. Sankamva kutentha. Koma pofika sabata yachitatu tsaya lidada n'kuyamba kusupuka, m'kati mwake mudatuluka zilonda, ndipo phala lomwe linkawawa ngati tsabola. Salome ankawatsuka mano otsalawo ndi mswachi wofewa, kuwachukuchitsa kangapo pa tsiku, kuwamwetsa madzi pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse mayiwo ankayendetsa lilime m'kamwa kuti amve ngati lilipo. Linali ndi kachilonda m'mphepete, koma linkayenda, ndipo malovu ankabwerabe mbali yabwinoyo. Ankathokoza Mulungu, kenaka dokotala wa chikombole, kenaka munthu amene ankaimba foni madzulo alionse n'kufunsa Salome kuti lero zala zalowa zingati.

Tsiku lotuluka madokotala adati chotupa chafota kwambiri, koma adzabwerenso pakatha miyezi itatu kuti adzaone. Sadalonjeze zambiri, ndipo mayi Selestina sadapemphe zambiri.

Kumudzi adapeza anthu atadzaza bwalo. Chimanga chinali chitamera m'munda mwawo, mizere yokhota pang'ono, koma yonse yopalira. Chikwama cha Bizwell palibe adachikhudza. A Cosmas adaona kuti nkhani ya panjinga ija anthu ankaikamba mokomera mkamwini, ndiye adangoisiya kuti ithe yokha. Amayi a kutchalitchi adaimba nyimbo ziwiri. Kenaka a Cosmas adaimirira, adakonza kukhosi.

"Abale, tithokoze Mulungu. Ife monga banja tidagwirana manja, tidati mlongo wathuyu apite kuchipatala zivute zitani, pakuti chibale ndi fupa..."

"Alongo, khalani pansi."

Mawuwo anali osasa, koma anali omwe aja. Nkhuku imene inkatola zakudya pafupi ndi khonde idadzuka n'kuthawa. Mayi Selestina, woonda, tsaya lakuda mbali imodzi, adayang'ana uku ndi uku.

"Bambo a Tracy ali kuti?"

Bizwell anali kumene amakhala akamwini, kumbuyo kwa anthu onse, pa chitsa pafupi ndi khola.

"Bwerani kuno. Iyayi, osati pamenepo. Pamphasa pano."

Adabwera mowerama, n'kukhala kumphepete kwenikweni. Mayi Selestina adatuma Salome kuti agwire tambala wofiira, ndipo adamupereka okha m'manja mwa mkamwiniyo.

"Anthu inu mukhale mboni. Manyazi a chipongozi pakati pa ine ndi awa ndawathetsa lero. Akafuna kundipenya andipenye, akafuna kudya nane adye." Adatembenukira kwa mkamwiniyo. "Bambo a Tracy, lilime ili ndakunyozani nalo zaka zisanu ndi zinayi. Ndidakutchulani mlamba kumjigo ndi kutchalitchi komwe. Mukanangokhala chete ngati anzanu, bwenzi lero litapsa, inu mutapuma. Inu n'kukalipulumutsa. Ndikuthokozeni bwanji? Ndiuzeni, mudachitiranji?"

Bizwell adakonza tambala m'khwapa, adakanda kumutu, ndipo adawayang'ana m'maso.

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, amayi. Masabata amene munali ku Lilongwewa ndalima munda wonse popanda wondiuza kuti mizere yakhota. Sindidaumve kukoma."

Anthu adaphulika nako kuseka. Mayi Selestina adaseka nawo, dzanja lili patsaya, misozi ikutsikira pa khungu losupukalo. Atapezanso mpweya adayang'ana kumunda kuja.

"Yakhotadi, mwana wanga," adatero. "Koma isiyeni choncho."